Mbiya imasweka pamoto, koma imalakwika kumtapo

Pamsika wa Chitakale kapena wa Limbuli, wogula mtsuko wodziwa zinthu sayamba ndi kufunsa mtengo. Amaunyamula kaye, nkuugogoda pamimba ndi chala, khutu lili tcheru. Ukalira kuti ngwee ngati kachitsulo, ndiye kuti unapsa bwino ndipo ulibe mng'alu. Ukangoti phu phu, ausiya, ngakhale utakhala wokongola chotani. Kulira kumeneko kumaulula ntchito ya masabata atatu kapena anayi: kumene dothi linatapidwa, mmene linapondedwera, masiku amene linakhala pamthunzi, ndi moto umene linakumana nawo. Anthu ambiri akaona mbiya itaphulika pamoto amanena kuti moto unachuluka. Kawirikawiri moto umangoonetsa poyera cholakwa chimene chinachitika kale mbiyayo isanafike pankhuni.

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, monganso m'madera ambiri a dziko lino, kuumba mbiya ndi luso limene lakhala m'manja mwa amayi. Mwana wamkazi amaphunzira poyang'ana agogo ake, amayi ake kapena azakhali ake. Amayamba ndi kutunga madzi ndi kusinja mapale, kenaka amapatsidwa kadothi koumbira timiphika tamasanje, ndipo pamapita zaka asanaloledwe kukweza khosi la mtsuko waukulu. Lusoli ndi lakale zedi. Mapale amene akatswiri ofukula zakale anapeza ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndi a zaka zoposa 1,500, ndipo mizere imene ili pamilomo yake imasonyeza kuti ngakhale nthawi imeneyo oumba sankangofuna chophikira chabe. Ankafunanso chinthu chosangalatsa m'maso.

Woumba wakumudzi ndi mlimi nayenso, ena amathyolanso tiyi kuesiteti, choncho ntchito yake imayenda ndi nyengo. Dzinja ndi la khasu. Akakolola, cha mu Meyi, amayamba kutapa dothi, koma kuno miyezi ya Juni ndi Julayi imabwera ndi chiperoni, ndipo mbiya ikhoza kukhala masabata awiri osauma. Nyengo yeniyeni youmba ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okotobala, mvula yoyamba isanagwe.

Dothi

Si dothi lililonse lomata limene limaumba mbiya. Katondo wofiira wa m'minda ya tiyi amamata kumapazi mvula ikagwa, koma ukamupota amaduka, pakuti timibulu take timagwirana mofooka. Makande akuda a m'zigwa, monga a kumbali ya Thuchila, ali ndi vuto lina: amaumbika mokoma kwambiri, koma amamwa madzi ochuluka, ndipo akamauma amakhwinyata mpaka kung'aluka, monga mmene nthaka yake imachitira m'chilimwe. Dothi labwino limapezeka kawirikawiri m'madambo ndi m'magombe a mitsinje, kumene madzi anasiya zimene anakokolola ku miyala yofumbutuka ya m'phiri. Limakhala lotuwa, lachikasu kapena lodera, ndipo lili pansi pa dothi lachonde. Pamwamba pamachotsedwa mpaka mizu ndi zinyalala zitatha, nthawi zambiri theka la mita kapena mita yathunthu.

Mtapo umapha anthu. Woumba akaona kuti dothi labwino lalowera cham'mbali, amalitsatira, nkukumba mphanga pansi pa gombe. Denga la mphanga yotere limagwa mosachenjeza, makamaka nthaka ikanyowa. Dzenje liyenera kukula kukamwa kuposa pansi, ndipo munthu asatape yekha popanda womudikira pamwamba. Mitapo yambiri ili ndi miyambo yake, monga yoletsa mayi woyembekezera kapena amene ali kumwezi kulowamo. Mlendo ayambe wafunsa eni malo ndi amfumu, osangofika ndi khasu.

Dothi lachilendo limayesedwa musanataye nalo masiku. Potani kachingwe konenepa ngati chala chamkombaphala, mukakulunge pachala. Kakazungulira kosaduka, dothilo likhoza kuumba. Kenaka pangani kathabwa ka dothi, mulembepo mzere wa masentimita 10 ndendende, mukaumike pamthunzi. Mzerewo ukatsala masentimita 9.3 mpaka 9.5, zili bwino. Ukatsika kupitirira 9, dothilo ndi lonona kwambiri ndipo lokha silingapirire. Chachitatu, yang'anani timiyala toyera. Dontheziranipo madzi a ndimu kapena viniga, ndipo tikachita thovu, ndi laimu. Timiyala timeneti ndi mdani wobisalira. Pamoto waukulu timapsa nkusanduka laimu wamoyo, mbiya nkutuluka yooneka bwinobwino. Pakapita masiku kapena masabata, laimuyo amamwa chinyezi cha mumpweya, amafufuma, nkugamula kachibenthu pakhoma la mbiya, pakati pake pakuoneka kadontho koyera. Wogula amati anamugulitsa chinthu chowola, chonsecho vuto linachokera kumtapo.

Dothi likafika pakhomo, njira yodalirika ndi kuliyanika mpaka liume gwa, kulisinja mumtondo, nkulisefa. Louma limamwa madzi mofanana paliponse, pamene lachinyezi limasiya timibulu tolimba mkati. Posinja ndi posefa, fumbi lake lisapumidwe. Lili ndi mchenga wosalala umene umakhazikika m'mapapo, ndipo pakapita zaka umabweretsa chifuwa chosamva mankhwala. Sinjirani panja, mphepo ikuchokera kumsana, mphuno ndi pakamwa zili zophimba, ndipo malo ogwirira ntchito aziwazidwa madzi asanasesedwe.

Tsopano mapale. Mbiya zosweka sizitayidwa. Zimasinjidwa mpaka zikhale ngati mchenga wa kumtsinje, nkusakanizidwa ndi dothi. Ntchito yake ndi iwiri. Phale linapsa kale, ndiye silikhwinyatanso, motero limagwira khoma kuti lisachepe mopitirira. Komanso limatsegula tinjira timene madzi ndi nthunzi zimatulukira. Poyambira pabwino ndi muyeso umodzi wa mapale pa miyeso inayi ya dothi louma. Dothi lonona kwambiri, kapena la mphika umene uzikhala pamafuwa tsiku ndi tsiku, limafuna umodzi pa itatu. Mukachulukitsa, dothi limakana kupindika ndipo mlomo umang'ambika mukamaukweza. Mchenga ukhoza kulowa m'malo mwa mapale, koma ndi wachiwiri, ndipo chifukwa chake chioneka tikafika pamoto. Oumba ena sathira kanthu, amangophatikiza dothi la mitapo iwiri, lonona ndi lamchenga. Nzeru yake ndi yomweyo.

Mukathira madzi, pondani ndi mapazi pachiguduli kapena sinjani ndi munsi mpaka dothi likhale limodzi. Mukalidula ndi ulusi, pasaoneke mizere ya mitundu iwiri kapena timabowo. Kenaka likulungeni m'pulasitiki kapena m'masamba a nthochi, mulivundike masiku osachepera atatu. Sabata imodzi kapena awiri ndiye bwino koposa. Madzi amalowerera m'kambulu kalikonse, ndipo dothi limene dzana linkaduka limayamba kumvera dzanja.

Kuumba

Woumba wakuno sagwiritsa ntchito gudumu. Amakhazika mbulu wa dothi paphale lalikulu kapena pambale yakale, kuti azitha kuzunguza, nkuboola pakati ndi chibakera. Dzanja lamanzere limachirikiza kunja, lamanja limakokera dothi m'mwamba kuchokera mkati. Dothi la mbuluwo likatha, amapota zingwe za dothi zonenepa ngati chala chachikulu kapena kuposerapo, nkumazisanjika pamlomo. Ena amayamba ndi mimba ndi khosi, thako nkudzalitseka mawa lake atatembenuza mbiya. Njira zonsezi zimabala mbiya zabwino.

Polumikiza chingwe ndi chinzake ndi pamene pamagona ming'alu yambiri yopingasa. Chingwe chikangoikidwa pamwamba nkusalazidwa kunja kokha, mkati mumatsala msoko. Chimafunika kuchikanikizira pansi kuti chilowerere m'chinzake, mkati ndi kunja komwe. Ndipo cham'munsi chisakhale chitauma kuposa chatsopano, chifukwa ziwirizi zidzakhwinyata mosiyana nkulekana. Mukapumira ntchito, phimbani mlomo ndi kansanza konyowa.

Zida zake ndi zapakhomo: chitsononkho chokokera ndi kuwongolera kunja, chibenthu cha chikho kapena chigoba cha nkhono chopalira mkati ndi kufutukulira mimba, kampeni ka nsungwi kodulira, kansanza kapena tsamba lonyowa losalazira mlomo. Madzi azikhala ochepa. Ophunzira amakonda kunyowetsa manja pafupipafupi chifukwa dothi limaterera mokoma, koma khoma lomwa madzi limalefuka, mimba nkukhala pansi.

Kunenepa kwa khoma ndi kumene kumasiyanitsa mmisiri ndi wophunzira. Mphika wandiwo umafuna mamilimita 6 mpaka 8, mtsuko waukulu 8 mpaka 10. Koma chachikulu si nambalayo, ndi kufanana kwake. Thako likanenepa kawiri kuposa mimba, mimba imauma msanga nkuyamba kukoka, thako likadali lonyowa, ndipo pamalire pake pamabadwa mng'alu. Nchifukwa chake tsiku lachiwiri, dothi litalimba ngati sopo, woumba amatembenuza mbiya nkupala thako mpaka lifanane ndi kwina konse, akuyesa ndi zala ziwiri, china mkati china kunja.

Thako lobulungira la mphika si mwambo chabe. Limakhazikika bwino pamafuwa atatu, ndipo moto umalizungulira mofanana popanda ngodya imene kutentha kungaunjikane. Mphika wa thako lafulati, wokhala ndi ngodya yakuthwa, umang'aluka pangodya pomwepo. Mtsuko umakhala ndi khosi lopanikiza kuti madzi asakhavukire wousenza ndiponso fumbi lisalowe. Nkhali ya nsima kapena ya thobwa imayasama kuti mthiko uyende. Nkhate ndi yotambalala chifukwa ndi yosambira. Maonekedwe alionse anabadwa ku ntchito yake, ndipo woumba waluso amasewera mkati mwa malire amenewa: pamene phewa lithyokere, kutalika kwa khosi, mmene mlomo upindikire kunja. Anthu a m'mudzi umodzi amazindikira dzanja la mnzawo ali patali, monga mmene timazindikirira munthu ndi kayendedwe.

Ena amaganiza kuti woumba amakhala katswiri pokhapokha akaphunzira gudumu. Mbiri ya Ladi Kwali wa ku Nigeria imatsutsa zimenezo. Anabadwa cha mu 1925 m'mudzi wa Kwali, ndipo anaphunzira kuumba ndi manja kwa mayi wina wa m'banja lake, monga mmene amaphunzirira ana akuno. Pamene ankalowa sukulu ya zoumba ya Michael Cardew, woumba wa ku England, ku Abuja (tauni imene lero imatchedwa Suleja) mu 1954, anali kale mmisiri wodziwika. Gudumu analiphunziradi, koma zimene zinamutchukitsa kunja ndi mitsuko yake ikuluikulu youmba ndi manja, yojambulidwa abuluzi, nsomba, ng'ona ndi mbalame. Anamwalira mu 1984, ndipo chithunzi chake chili pa ndalama ya 20 naira. Gudumu limafulumizitsa makapu ndi mbale zofanana. Mtsuko wa malita 20 wokhala ndi thako lobulungira umatuluka bwino m'manja.

Kukulungiza ndi kukongoletsa

Nthawi yokulungiza ndi yaifupi, ndipo kuiphonya nkosavuta. Dothi likhale lolimba moti chala sichilowa, koma chikhadabo chikusiya mzere, ndipo likadali lozizira ukaligwira. Mukafulumira, nkhulungo imakumba migula. Mukachedwa, imakala ndi kutukula fumbi. Nkhulungo ndi kamwala kosalala ka mumtsinje, ndipo Likhubula ndi Ruo ili nato tambiri. Mmisiri amasunga kake zaka zambiri, mwina nkudzakasiyira mdzukulu. Kamwalako kamagoneka timibulu ta dothi mbali imodzi nkutseka timabowo ta pamwamba, ndiye khoma limawala komanso silitulutsa madzi msanga. Kukulungiza kawiri kumaposa kamodzi: koyamba dothi likadali ndi chinyezi, kachiwiri litatsala pang'ono kuuma, mutapakapo kadontho ka mafuta ophikira.

Katondo amene tinamukana poumba uja amagwira ntchito pano. Musungunuleni m'madzi ambiri, muvundule, mudikire mchenga ukhale pansi, mutsanule madzi ofiira apamwamba, nkuwasiya agone mpaka atsale ngati phala lamadzimadzi. Pakani kawiri kapena katatu mopyapyala, kenaka kulungizani. Mukapaka mochindikala, kapena pambiya youma kale, utotowo umasuwa ngati khungu la njoka. Kumene kumapezeka graphite, mwala wakuda wofewa uja uli m'pensulo, amaupera nkupaka paphewa, ndipo umawala ngati chitsulo. Mizere imalembedwa ndi kamtengo, chipeso, chingwe chopota kapena chitsononkho chogubuduza. Isalowe kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a khoma, chifukwa mzere wakuya ndi njira imene mng'alu udzatsate.

Amene amaona kukulungiza ngati ntchito yachimidzi amve za Magdalene Odundo. Anabadwira ku Nairobi mu 1950, amagwira ntchito ku England, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anapita ku Abuja kukaphunzira kwa amayi oumba, Ladi Kwali ali m'gulu lawo. Mbiya zake zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso ku London ndi ku New York. Amaziumba ndi zingwe za dothi, amazipaka dothi losungunula, amazikulungiza ndi timiyala ndi zida zina zosalala, ndipo sazipaka glaze, galasi lonyezimira lija la pamakapu ndi mbale. Zofiira amaziwotcha pamoto wa mpweya wokwanira, zakuda amazibwezera pamoto wotsamwa ndi utsi. Palibe njira pamenepa imene mayi wa ku Nkando kapena ku Thekerani sakuidziwa. Kusiyana kuli pa nthawi. Iye amatha masabata pambiya imodzi, pamene woumba wakuno amakakamizika kutulutsa khumi kuti apeze ya sopo ndi mchere. Ife timaona kuti luso lilipo lokwanira kuno. Chosowa ndi wogula wolipira masiku amene mbiya yosamalidwa imadya.

Kuyanika

Apa ndiye kuona maso a nkhono nkudekha. Mbiya yaiwisi imauma kuyambira kunja ndi kumlomo. Ikaikidwa padzuwa kapena pamphepo tsiku loyamba, kunja kumakhwinyata mkati musanayambe, ndipo khungu limang'ambika. Masiku atatu kapena anayi oyamba ikhale m'nyumba, kutali ndi khomo, itaphimbidwa mopepuka ndi nsanza kapena masamba a nthochi. Mlomo ukalimba, ivundikireni chafufumimba kuti thako lipume. Kenaka pakhonde pamthunzi, muziitembenuza kuti mbali imodzi isamalandire mphepo yokha. Padzuwa ipite masiku awiri omaliza basi. Mu Seputembala mphika wamba umatha sabata imodzi mpaka masiku khumi, mtsuko waukulu masabata awiri kapena atatu.

Chiperoni chimanyenga. Mbiya imatuwa, nkuoneka youma, koma dothi louma limayamwanso chinyezi cha nkhungu usiku. Poyesa, igunditseni patsaya. Ikamveka yozizira kuposa chinthu china chouma cha m'nyumba momwemo, madzi akadalimo. Nyengo yotere mbiya zigone m'khitchini, pansanja pamwamba pa moto, masiku angapo zisanawotchedwe.

Moto

Zimene zimachitika mkati mwa mulu wa nkhuni zili ndi masitepe ake, ndipo sitepe iliyonse ili ndi ngozi yake. Pa madigiri 100 a Celsius madzi otsala m'khoma amasanduka nthunzi. Ikasowa potulukira, mbiya imaphulika kuti phwaa nkuswanso zinzake zoyandikana nazo. Kuphulika kumene kumamveka moto utangoyaka ndi kumeneku, ndipo mwini wake ndi kuyanika kosakwanira kapena thako lonenepa. Pakati pa madigiri 450 ndi 600, madzi amene ali m'thupi lenileni la dothi amachoka, ndipo kuyambira pamenepo silingasungunukenso m'madzi. Mbiya imene sinadutse apa ndi dothi louma chabe, mukathiramo madzi imafumbutuka. Pa madigiri 573 mchenga umafufuma mwadzidzidzi, ndipo pozizira umabwerera mwadzidzidzi pamalo omwewo. Ichi ndicho chifukwa chake mchenga wambiri, makamaka wamibulu ikuluikulu, umasiya timing'alu tonga tsitsi, pamene mapale sachita zimenezo kwambiri. Moto wapoyera umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo mbiya yolimba imafuna kumtunda kwa muyeso umenewu.

Choncho moto usayambe ndi ukali. Tsiku lowotcha, mbiya ziyambe zaothera dzuwa, kenaka zizungulire moto waung'ono kwa ola limodzi kapena awiri, zikutembenuzidwa ndi kusendezedwa pafupi pang'onopang'ono mpaka zitatentha moti dzanja silipirira. Ena amaika makala amoto pang'ono mkati mwa mitsuko ikuluikulu. Sitepe imeneyi ndi imene aulesi amadumpha, ndipo ndi imene imapulumutsa mbiya zambiri.

Malo owotchera akhale ouma, okumbika pang'ono ngati masentimita 20 mpaka 30, ndi obisika ku mphepo. Nthaka yachinyezi imatulutsa nthunzi yakeyake, ndiye ndi bwino kuyatsapo udzu kaye. Pansi yalani nkhuni zouma zonenepa ngati dzanja. Mbiya zikuluzikulu zikhale pakati, chogona kapena chafufumimba, zing'onozing'ono pamwamba ndi m'mbali, pakati pake pakhale mipata yodutsa moto. Phimbani ndi mapale akuluakulu kuti malawi asamenye khoma mwachindunji, kenaka nkhuni zing'onozing'ono, makungwa, zitsononkho, ndowe youma, ndipo pamwamba penipeni udzu wochindikala. Udzuwo ukapsa, phulusa lake limakhala ngati bulangeti losunga kutentha, choncho musalitakase. Kuno mitengo ya nandolo ikatha kukololedwa ndi nkhuni zabwino zowotchera, pamodzi ndi nthambi za bulugama. Nsungwi ziyambe zang'alulidwa, chifukwa mfundo zake zimaphulika. Mkungudza ndi mitengo ina ya m'nkhalango yotetezedwa ya m'phiri si nkhuni za mbiya, ndipo ntchitoyi siifuna nkomwe. Nkhuni zopyapyala zoyaka msanga ndizo zimakweza moto kuposa zipika.

Nthawi yabwino ndi madzulo mphepo itagona. Mdima umathandizanso kuona mtundu wa mbiya mkati mwa mulu. Kufiira kodera, kongoyamba kuoneka, ndi madigiri cha m'ma 600 mpaka 700. Kufiira kowala kuti psuu ndi cha m'ma 800. Pamene paoneka mbiya yakuda kapena bowo lolowa mphepo, ponyanipo nkhuni msanga. Moto wonse umatenga ola limodzi kapena awiri. Mphepo yozizira ikawomba mbali imodzi ya mbiya yofiira, mbaliyo imakhwinyata yokha, ndipo mng'alu wake umadziwika: wowongoka, wakuthwa m'mphepete, wochokera pamlomo kutsika. Mng'alu wa poyanika umakhala wokhotakhota ndi wofumbutuka m'mphepete. Woumba wodziwa kuwerenga ming'alu amadziwa tsiku limene analakwitsa.

Mtundu wa mbiya umachokera ku chitsulo cha m'dothi ndi mpweya. Mpweya ukakwanira, chitsulocho chimafiira ngati dzimbiri. Pamene chikuni chinatsamira khoma nkutsekereza mpweya, pamatsala banga lakuda. Ogula ena amadana nawo mabangawa, ena amawafuna dala, ndipo mmisiri akhoza kuwaitana poika chitsononkho kapena tsamba pamalo amene wasankha. Wofuna mbiya yakuda bii amaichotsa pamoto ndi mtengo wautali ikadali yotentha kwambiri, nkuikwirira mu utuchi, m'mankhusu kapena m'masamba ouma. Utsi umalowa m'timabowo ta khoma nkukhazikika. Pambiya yokulungizidwa bwino, kuda kumeneku kumawala ngati nthenga za khwangwala. Ena amawaza mbiya yotentha ndi madzi ophikira makungwa, amene amasiya mawanga odera ndi kuthandiza kutseka khoma. Mukaswa phale nkupeza pakati pake pali mzere wakuda, kunja kuli kofiira, ndiye kuti moto unatha msanga zinyalala za m'dothi zisanapse zonse. Mbiya yotere imagwira ntchito, koma siikhalitsa.

Mphika watsopano sauyamba ndi nyemba. Muyambe mwaphikamo phala la madeya kapena la ufa pamoto wofatsa, mulisiye lizizire momwemo, kuti litseke timabowo. Mtsuko wa madzi akumwa ndi wosiyana. Kuchucha kwake pang'ono ndiko kumaziziritsa madzi, pakuti chinyezi chikamauma kunja chimachoka ndi kutentha kwa mkati. Mu Okotobala, mpweya uli wouma, mtsuko umachita zodabwitsa. Woupaka penti kunja kuti ukongole wapha ntchito yake.

Mbaula, uvuni ndi glaze

Miphika ya aluminiyamu ndi zigubu za pulasitiki zinalanda msika waukulu wa oumba, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti zidzachoka. Chimene chinabweretsa ntchito yatsopano ndi Chitetezo Mbaula, mbaula yadothi yosunga nkhuni, imene inayambira kuno ku Mulanje kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kenaka nkufalikira dziko lonse. Mbaula imalanga wosasamala kuposa mphika. Khoma lake ndi lonenepa, ndiye limafuna masabata ambiri poyanika. Ili ndi khomo la nkhuni limene ngodya zake zimayambitsa ming'alu zikapanda kubulungizidwa, ndiponso timitu tokhazikapo mphika timene timagwa tikamatidwa pakhoma louma. Imaumbidwa pa chikombole kuti miyeso ifanane, chifukwa mpata wa pakati pa mphika ndi mlomo wa mbaula ukalakwika, utsi umachuluka ndipo nkhuni sizisungika. Magulu ambiri amaziwotchera mu uvuni wa njerwa. Uvuni umasunga kutentha, umalola kukweza moto pang'onopang'ono, ndipo umateteza ku mphepo, choncho zosweka zimachepa. Ukatha kuwotcha usatsegulidwe mpaka mawa lake.

Makapu ndi mbale zonyezimira ngati za ku Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, ndi ntchito ya mtundu wina. Glaze ndi galasi losungunukira pakhoma la chiwiya, ndipo ziwiya zolimba zotere zimapsa pa madigiri opitirira 1,200, ndi dothi lopirira moto ngati lopezeka ku Linthipe. Dothi lofiira la m'dambo likafika pamenepo limapindika kapena kusungunuka, ndipo kuwala kwa nkhulungo kumazimirira moto ukangopitirira cha m'ma 1,000. Pali njira yachidule yoopsa imene iyenera kukanidwa poyera: kupanga glaze wosungunuka pamoto wochepa pogwiritsa ntchito mtovu wa m'mabatire akale a galimoto. Mtovu umasungunukira m'zakudya zowawasa monga thobwa, matimati ndi mandimu, umaunjikana m'thupi, ndipo umawononga ubongo wa ana. Umayamba ndi woumba mwini ndi ana a pakhomo pake.

Pali mawu akuti woumba mbiya amadyera m'phale, ndipo kumbali ya ndalama ndi oona mpaka lero. Oumba ambiri amaika mtengo poyang'ana kukula kwa mbiya ndi mtengo wa mnzawo wapafupi, osawerengera masiku. Kuwerengera koona kumaphatikiza ulendo wa kumtapo, kusinja, kuumba, kukulungiza, nkhuni, thiransipoti, ndiponso zosweka: mwa mbiya khumi zikasweka ziwiri, zisanu ndi zitatu zotsalazo zisenze mtengo wa zonse khumi. Mbiya yamasiku onse ndi mbiya yokongoletsa nyumba zisagulitsidwe pa muyeso umodzi. Yachiwiriyi ikhale ndi chizindikiro cha mwini wake pathako, cholembedwa dothi likadali laliwisi, kuti wogula wa ku Blantyre, kapena mlendo wotsika ku Sapitwa, akaikonda adziwe woti amufunefune. Ponyamula, zambiri zimasweka pamlomo. Musalowetse mbiya m'inzake popanda udzu kapena masamba ouma a nthochi pakati, ndipo m'dengu kapena panjinga zikhale choimirira pankhata, zomangidwa moti sizigundana.

Zosweka zibwerere kumtondo, koma mosankha. Mapale a mbiya zimene zinaphulika pamoto zisanagwire ntchito ndiwo abwino koposa, bola akhale opsa, osasungunuka mukawaviika m'madzi. A mphika umene waphikira ndiwo zaka zambiri amakhala atamwa mchere ndi mafuta. Mcherewo umatuluka ngati ufa woyera pakhoma la mbiya yatsopano nkulepheretsa katondo kugwira, choncho mapale otere ndi ophimbira mulu powotcha basi. Phale lililonse looneka kadontho koyera ka laimu litayidwe kutali ndi mtondo.